Akatswiri Opanda Chikho

Mu mpira wamiyendo muli gulu la osewera amene anakhala m'bwalo zaka khumi, ena khumi ndi zisanu, ena kuposera apo, akusewera m'maligi akuluakulu ndi kutchuka dziko lonse, koma osanyamulako chikho cha ligi ngakhale kamodzi. Nkhani zawo n'zosiyana. Ena anasiya mpira chimanjamanja, opanda chikho chachikulu cha mtundu uliwonse. Ena anatengako zikho za mipikisano yachipulula, ligi yokha n'kuwakanika mpaka miyendo kutha. Enanso kumakalabu kwawo zinkawayendera, koma akavala yunifomu ya dziko lawo ankafika pa ndime yomaliza n'kubwerera pomwepo. M'nyumba zoonetsera mpira mkangano ukafika potentha, onsewa amaponyedwa m'thumba limodzi ndi funso lomwe wofunsayo amaliona ngati lotseka pakamwa: ngati analidi dolo, anawina chiyani?

Vuto la funsoli n'lakuti limayeza munthu mmodzi ndi muyeso wa gulu. Chikho cha ligi chimapita ku timu imodzi pa chaka, ndipo matimu ochitenga amakhala omweomwewo. Premier League ya ku England ili ndi matimu 20, koma kuyambira 1992 mpaka 2025 ndi asanu ndi awiri okha amene anaitengapo: Manchester United, Blackburn Rovers, Arsenal, Chelsea, Manchester City, Leicester City ndi Liverpool. Ku Germany, Bayern Munich inatenga ligi zaka 11 zotsatizana, kuyambira 2013 mpaka 2023. Juventus ku Italy inatero ka 9, kuyambira 2012 mpaka 2020, ndipo ku South Africa Mamelodi Sundowns inakhala pampando kuchokera 2018 mpaka 2025 osasunthika. Ku Malawi, pamene Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, inali nkhani yaikulu chifukwa chikhochi nthawi zambiri chimangozungulira pakati pa Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Wosewera amene zaka zake zathera kunja kwa kagulu kotere, kaya akhale waluso chotani, mwayi wake umachepa tsiku lomwe akusaina kontirakiti.

Masamu omwewa amaperekanso mamendulo kwa anthu osatuluka thukuta. Goloboyi Scott Carson anakhala ku Manchester City kuyambira 2019 mpaka 2025, nasewera masewero awiri okha. M'zaka zimenezo timuyo inatenga ligi kanayi motsatizana, komanso Champions League ya 2023. Palibe chifukwa chomunyozera, poti goloboyi wachitatu ali nayo ntchito yake pa zokonzekera, koma wodziwa mpira sanganene kuti Carson anaposa Tom Finney.

Finney ndi wa nthawi imene wosewera analibe ufulu wosankha kopita. Anabadwira ku Preston, kumpoto chakumadzulo kwa England, mu 1922. Asanayambe kudya za mpira anaphunzira upulambala, ndipo ntchitoyi sanaitaye ngakhale atatchuka, mwakuti dzina lomwe linamukanirira linali la pulambala wa ku Preston. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamudyera zaka zaunyamata. Anapita ku usilikali ku Egypt ndi ku Italy, ndipo masewero ake oyamba a ligi anawasewera mu 1946 ali kale ndi zaka 24. Kuchokera apo mpaka 1960 anasewerera Preston North End yokha: masewero a ligi 433, zigoli 187. Timu ya England anaisewerera ka 76 n'kumwetsa zigoli 30. Ankasewera m'mbali, kumanja kapena kumanzere, ndipo akamuika pakati kutsogolo ankamwetsabe. Kawiri konse, mu 1954 ndi mu 1957, atolankhani anamusankha kukhala wosewera wa chaka.

Kupatula chikho cha m'nthawi ya nkhondo cha 1941, chomwe sichiwerengedwa pa zikho zenizeni, chomwe anatenga ndi cha ligi yachiwiri mu 1951, basi. Mu 1953 Preston inamaliza ligi yaikulu ndi mapointi 54, chimodzimodzi ndi Arsenal. Masiku amenewo matimu akafanana mapointi, ankatenga zigoli zomwe timu yamwetsa n'kuzigawa ndi zomwe yamwetsedwa, ndipo pa masamu amenewo Arsenal inatsogola ndi kachidutswa ka nambala. Chaka chotsatira Preston inafika pa ndime yomaliza ya FA Cup ku Wembley n'kugonja 3-2 kwa West Bromwich Albion, tsiku lomwe Finney mwiniyo sanasewere monga ankachitira. Mu 1958 inakhalanso yachiwiri, pambuyo pa Wolverhampton Wanderers.

Khomo lotulukira linatsegukapo kamodzi. Mu 1952 kalabu ya Palermo ya ku Italy inamulonjeza mapaundi 10,000 ongosainira, nyumba, galimoto ndi malipiro oposeratu a kwawo. Akuluakulu a Preston anakana, ndipo nkhani inathera pomwepo, chifukwa malamulo a nthawiyo ankalola kalabu kugwira chiphaso cha wosewera ngakhale kontirakiti itatha. Panalinso malire a malipiro: pofika 1958 wosewera aliyense mu ligi ya England sankaloledwa kulandira zoposa mapaundi 20 pa sabata. Lamuloli linali lopondereza, komabe linali ndi chotsatira china chimene ochemerera a lero sachidziwa. Popeza Arsenal kapena Manchester United sinkatha kulipira kuposa Preston, matimu a m'matauni ang'onoang'ono ankasunga akatswiri awo, ndipo akatswiriwo ankakalambira pomwepo. Finney atasiya mu 1960, Preston inatsika mu ligi yaikulu chaka chotsatira, ndipo mpaka 2025 inali isanabwereremo.

Malire a malipiro anachotsedwa mu 1961, bungwe la osewera lotsogozedwa ndi Jimmy Hill litaopseza kunyanyala. Woyamba kulandira mapaundi 100 pa sabata anali Johnny Haynes wa Fulham, yemwenso anasewerera timu imodziyo zaka 18 osatenga chikho chachikulu ku England. Mu 1963 khoti linagamula mlandu wa George Eastham n'kufooketsa mphamvu ya makalabu yogwira osewera. Chomaliza chinali chigamulo cha khoti la mayiko a ku Ulaya mu December 1995 pa mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, chomwe chinati wosewera amene kontirakiti yake yatha ali ndi ufulu wopita ku kalabu ya dziko lina la m'mgwirizanowo popanda kugulidwa. Kuphatikiza ndi ndalama za wailesi yakanema zomwe zinayamba kusefukira mu 1992, zinthu zinatembenuka. Kukhala pa timu yaing'ono kunasanduka chisankho cha wosewera mwini, ndipo anthu anayamba kufunsa chifukwa chake sakuchoka.

Palibe amene anafunsidwa funsoli kuposa Matt Le Tissier. Anabadwira pa chilumba cha Guernsey mu 1968, nasewerera Southampton kuyambira 1986 mpaka 2002, n'kumwetsa zigoli 209 m'mipikisano yonse. Pa mapenate 48 amene anamenya, 47 analowa. Imodzi yokhayo anaigwira Mark Crossley wa Nottingham Forest mu 1993. Anali wosewera pakati woyamba kufika zigoli 100 mu Premier League. Sanali wothamanga, ndipo thupi lake silinkaoneka ngati la munthu wokonda zokonzekera, koma mpira unkamumvera. Mu October 1993, posewera ndi Newcastle, mpira unamugwera kumbuyo. Anaukokera kutsogolo ndi chidendene, naudutsitsa wotchinga woyamba, nautukula pamwamba pa mutu wa wachiwiri, kenako n'kuukankhira mu ukonde pang'onopang'ono ngati palibe chomuthamangitsa. Ochemerera a pa The Dell, kabwalo kolowa anthu pafupifupi 15,000, ankamutcha Le God.

Ntchito ya zigoli zimenezo sinali kulimbirana chikho. Zaka zingapo Southampton inkafika tsiku lomaliza la ligi ikulimbana ndi kutsika, ndipo zigoli za Le Tissier ndizo zinkaipulumutsa. Tottenham inamufuna, Chelsea inamufunanso, iye osachoka. Mnzake wa timu imodzi, Alan Shearer, anachoka mu 1992 kupita ku Blackburn, ndipo patatha zaka zitatu anali atanyamula chikho cha ligi. Anthu amagawanika pomuweruza Le Tissier. Ena amati kunali kukhulupirika, ena amati ankakonda mtendere wa pamalo pomwe timu yonse inkasewerera iye, osafuna kukalimbirana malo kwa ena. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona mwa munthu mmodzi. Chimene sichikayikitsa ndi mtengo womwe analipira: timu ya England anaisewerera ka 8 kokha, ndipo mu 1998 anamusiya pa ulendo wa World Cup ngakhale anali atangomwetsa zigoli zitatu m'masewero a timu yachiwiri ya England ndi Russia.

Ku Italy Antonio Di Natale anachita chimodzimodzi. Anafika ku Udinese mu 2004 n'kukhala komweko mpaka 2016, anamwetsa zigoli 209 mu Serie A m'zaka zake zonse zosewera mpira, ndipo anali womwetsa zigoli zambiri mu ligi yonse zaka ziwiri zotsatizana, 29 mu 2010 ndi 28 mu 2011. Juventus itamufuna mu 2010 anakana, banja lake litakhazikika ku Udine. Patatha zaka ziwiri Juventus inayamba ulendo wake wa zikho 9.

Steven Gerrard ndi wa mtundu wina, ndipo kumuika m'gululi kumafuna kusamala. Anasewerera Liverpool masewero 710 kuyambira 1998 mpaka 2015. Anatenga FA Cup kawiri, League Cup katatu, UEFA Cup mu 2001, komanso Champions League ya 2005 ku Istanbul, pomwe timu yake inali kumbuyo 3-0 kwa AC Milan pa nthawi yopuma ndipo iye ndiye anamwetsa chigoli choyamba chobweza. Ligi yokha ndiyo inamukana. M'chilimwe cha 2005 chomwecho anatsala pang'ono kupita ku Chelsea, n'kusintha maganizo mawa lake. Chelsea inatenga ligi sizoni yotsatirayo. Mu 2009 Liverpool inagonja masewero awiri okha, inapeza mapointi 86, koma Manchester United inali ndi 90.

Chomwe aliyense amakumbukira ndi pa 27 April 2014. Liverpool inali itapambana masewero 11 otsatizana ndipo inali pamwamba, kutatsala masewero atatu. Chelsea inabwera ku Anfield kudzatseka kumbuyo ndi kudya nthawi. M'mphindi zowonjezera za chigawo choyamba, Mamadou Sakho anapatsira Gerrard mpira wamba chapakati pa bwalo. Mpira unadutsa pansi pa phazi lake, iye potembenuka kuti authamangire anaterereka n'kugwa, Demba Ba anautola n'kuthamanga yekha mpaka kukamwetsa. Masewerowo anatha 2-0. Mlandu wonse unagwera mphindi imeneyo, ndipo mpaka lero ochemerera matimu ena amamuseka nayo. Koma ziwerengero zimanena zina. Patatha sabata, Liverpool inatsogola 3-0 ku Crystal Palace n'kulola kuti athere 3-3. M'sizoni yonseyo inamwetsedwa zigoli 50, pamene Manchester City, yomwe inatenga ligi ndi mapointi 86 kwa 84, inamwetsedwa 37. Ligi ya masewero 38 siitayika ndi phazi limodzi, kungoti kuterereka kumaoneka bwino pa kanema kusiyana ndi kumbuyo kobowoka kwa miyezi naini. Jamie Carragher, amene anasewera masewero 737 pa timu yomweyo, anasiya mu 2013 ligi asanailawenso. Liverpool inadikira kuyambira 1990 mpaka 2020, ndipo zaka zonse za osewera awiriwa zinagwera m'kati mwa chilala chimenecho.

Ngati pali munthu amene tsoka linamulondola mwadongosolo, ndi Bernd Schneider wa Bayer Leverkusen. Mu 2000 timu yake inkangofunika pointi imodzi tsiku lomaliza ku Unterhaching, timu yaing'ono ya kufupi ndi Munich; inagonja 2-0, chigoli choyamba Michael Ballack atadzimwetsa yekha, chikho n'kupita ku Bayern. Mu 2002 Leverkusen inali patsogolo ndi mapointi 5 kutatsala masewero atatu, koma ligi inapita ku Borussia Dortmund. M'masabata otsatira inagonja 4-2 kwa Schalke pa ndime yomaliza ya chikho cha Germany, kenako 2-1 kwa Real Madrid pa ndime yomaliza ya Champions League ku Glasgow, tsiku la chigoli chotchuka cha Zinedine Zidane. Kumapeto kwa June, Schneider anali m'timu ya Germany yomwe inagonja 2-0 kwa Brazil pa ndime yomaliza ya World Cup ku Yokohama. Malo achiwiri kanayi m'miyezi iwiri. Anasewerera dziko lake ka 81 ndipo anasiya mpira mu 2009 chifukwa cha vuto la msana. Leverkusen inadzatenga ligi yake yoyamba mu 2024.

Marco Reus anafika ku Dortmund mu 2012, timuyo itangotenga ligi kawiri motsatizana, ndipo anakhalako zaka 12. Anzake Mario Götze, Robert Lewandowski ndi Mats Hummels anapita ku Bayern mmodzimmodzi n'kukanyamula zikho kumeneko. Iye anatenga chikho cha Germany kawiri, anagonja pa ndime yomaliza ya Champions League mu 2013 ndi mu 2024, ndipo World Cup ya 2014, yomwe Germany inatenga, anaionera kunyumba atavulala akakolo m'masewero omaliza okonzekera. Mu May 2023 Dortmund inkangofunika kupambana pakwawo tsiku lomaliza. Inafanana mphamvu 2-2 ndi Mainz, Bayern n'kutenga ligi pa kusiyana kwa zigoli.

Wosewera wa masiku ano amadziwa njira yothawira m'gululi, ndipo ambiri amaitsata. Robin van Persie anachoka ku Arsenal mu 2012 n'kutenga ligi ndi Manchester United chaka chotsatira. Harry Kane anapirira nthawi yaitali. Anamwetsera Tottenham zigoli 280, kuposa wina aliyense m'mbiri ya kalabuyo, anagonja pa ndime yomaliza ya League Cup kawiri, ya Champions League mu 2019, ndi ya chikho cha mayiko a ku Ulaya kawiri ali kaputeni wa England. Mu 2023 anapita ku Bayern, ndipo sizoni yoyambayo ndi imene timuyo inalephera ligi koyamba m'zaka 12, zomwe zinapatsa onyoza chonena. Chikho anachitenga mu May 2025 ali ndi zaka 31. Luso lake silinasinthe pakati pa 2023 ndi 2025. Zomwe zinasintha ndi anzake omuzungulira ndi thumba la kalabu. Mwezi womwewo Tottenham inatenga Europa League ku Bilbao, ndipo amene ananyamula chikhocho anali Son Heung-min, yemwe anatsalira pa timuyo zaka khumi.

Timu ya dziko ilibe msika wotere. Munthu sasamuka dziko chifukwa timu yakwawo ndi yofooka, ndipo mipikisano yake imabwera patalipatali, mwakuti katswiri amakhala ndi mipata yowerengeka. Didier Drogba anatenga Premier League kanayi ndi Champions League ya 2012 ali ku Chelsea, koma chikho cha Africa chinamukana. Mu 2006 ku Cairo, Ivory Coast inagonja pa mapenate kwa Egypt, yake itagwidwa. Pa 12 February 2012 ku Libreville anaponya penate pamwamba pa golo m'chigawo chachiwiri, masewero n'kutha 0-0, ndipo Zambia inapambana 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atamenya yomaliza. Ivory Coast sinamwetsedwe chigoli ngakhale chimodzi m'bwalo mpikisano wonsewo. Drogba anasiya kusewerera dziko mu 2014, ndipo anzake anatenga chikhocho mu 2015 ndi mphunzitsi Hervé Renard, yemweyo amene anali wa Zambia mu 2012.

Mbali ya Zambia usiku umenewo kunali munthu amene chikho chomwecho chinamukana ali wosewera. Kalusha Bwalya, wosewera wa chaka mu Africa mu 1988, sanali m'ndege yomwe inagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville mu April 1993 n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18 a Chipolopolo, chifukwa ankachokera ku PSV Eindhoven pa ulendo wakewake. Anatsogolera timu yosonkhanitsidwa mwachangu mpaka pa ndime yomaliza ya 1994 ku Tunis, komwe Zambia inayamba kumwetsa koma n'kugonja 2-1 kwa Nigeria. Mu 1996 inakhala yachitatu, iye ali womwetsa zigoli zambiri mu mpikisanowo. Mu 2012 anali mtsogoleri wa FAZ, bungwe loyendetsa mpira ku Zambia. M'kaundula wa osewera amene anatenga chikho cha Africa dzina lake mulibe, ndipo palibe Mzambia amene amamuchotsera ulemu pa chifukwa chimenecho.

Si bwino kukongoletsa kwambiri nkhani ya kusowa chikho. Osewera eni ake amamva kupweteka, ndipo Gerrard wanena poyera kangapo kuti za 2014 zimamubwererabe m'mutu. Ligi ya ku Scotland yomwe anatenga mu 2021 ali mphunzitsi wa Rangers ndi nkhani ina. Kukhala pa timu imodzi nakonso si ukoma nthawi zonse. Ena anakhala chifukwa lamulo linawamanga, ena chifukwa cha banja, ena chifukwa kuvulala kunathawitsa ogula, ena chifukwa malipiro a pomwepo anali okwanira.

Matauni awo amawakumbukira m'njira zina. Ku Deepdale, bwalo la Preston, mbali imodzi ya mipando ili ndi dzina la Finney, ndipo kunja kuli chipilala chake chomwe anachiumba potengera chithunzi cha 1956, akuterereka m'madzi a mvula pa bwalo la Chelsea. Analandira ulemu wa Sir mu 1998 ndipo anamwalira mu 2014. Kalabu ya Athletic ya ku Bilbao, yomwe imaseweretsa okhawo obadwira kapena okulira m'chigawo cha Basque, inayambitsa mu 2015 mphotho ya osewera a makalabu ena amene anathera zaka zawo zonse pa timu imodzi. Woyamba kuilandira pa bwalo la San Mamés anali Le Tissier. Otsatira ake anali Paolo Maldini wa AC Milan mu 2016, amene anatenga Serie A ka 7 ndi chikho chachikulu cha makalabu a ku Ulaya kasanu, Sepp Maier wa Bayern mu 2017 ndi Carles Puyol wa Barcelona mu 2018.